Waya wa Ethi Usafere Mlandu wa Sabuwufa

Chiyambire pamene masabuwufa anadzaza m'masitolo a ku Limbe ndi ku Lilongwe, kotero kuti yense wogwira kandalama pakutha pa mwezi angathe kunyamula wake kupita naye kwawo, labuka dandaulo limene makolo athu a nthawi ya galamafoni sanalidziwe, lakuti munthu atalumikiza chombo chatsopanocho ku wailesi ya m'nyumba, nakhala pansi kudikira kugunda kwa ng'oma, chimene chimamulonjera nyimbo isanayambe n'komwe ndicho kung'ung'udza kosalekeza, konga kwa njuchi zotsekeredwa mumng'oma. Ambiri amathamangira kwa wogulitsa nam'tcha wakuba, koma ine ndiyesa kuti kawirikawiri sabuwufayo wangoulula chilema chimene chinalimo kale m'nyumbamo.

Magetsi a ESCOM, a mavoti 230, amasinthasintha ka 50 pa sekondi, ndiko kuti 50 Hz, ndipo popeza sabuwufa anapangidwira mawu apansi okhaokha, oyambira cha pa 20 Hz kulekeza cha pa 200 Hz, kulira kwa magetsiko kukangolowa m'njira ya nyimbo, iye amakukuza mokhulupirika, pamene timasipika tating'ono tinkakubisa. Khomo lake lolowera ndi ili: sabuwufa ali ndi ampulifaya ndi pulagi yakeyake, ndipo poti amaikidwa pangodya, amalumikizidwa ku soketi ina, wailesi ili kwina, zombo ziwirizo zikhala ndi njira ziwiri zopitira ku ethi, ndiko kuti pansi, ndipo kusiyana kochepa kwa mphamvu pakati pa njirazo kumakankha magetsi kudutsa m'chingwe cha RCA chimene chazimanga pamodzi. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa.

Wofuna kupeza gwero ayambe wazula chingwe cha RCA kumbuyo kwa sabuwufa, chombocho chili chiyakire. Phokoso likapitirira, nthenda ili m'kati, mwina makapasita atopa, ndipo ameneyo apite kwa wokonza mawailesi, pakuti makapasita amasunga magetsi ngakhale pulagi itazulidwa. Likaleka, abwezere chingwecho, nazule zina chimodzichimodzi, akumvetsera, chifukwa kuona maso a nkhono n'kudekha: chingwe chochokera ku dishi kulowa mu dikoda, chimene chimapezeka cholakwa koposa zinzake, chaja ya foni yotsika mtengo, chingwe cha RCA chogona limodzi ndi nthambo za magetsi, chimene chiyenera kutalikitsidwa kapena kuzidutsa mopingasa. Pambuyo pake alowetse zombo zonse mu ekisitenshoni imodzi, nachepetse voliyumu ya kumbuyo kwa sabuwufa, imene anyamata amakonda kuipotokola mpaka pothera. Za kunjenjemera kwa malata ndi mbale za m'kabati sindinenapo zambiri, pakuti kumeneko kumatha posuntha chombo kapena kumanga chogwedera.

Chondilembetsa makamaka ndi mankhwala ena amene afala pakati pa odziyesa amisiri. Atsegula pulagi ya miyendo itatu, namasula waya wa ethi, wobiriwira ndi chikasu, nasiya mwendo wautali uja uli chiimire kuti uzitsegulabe soketi. Ndipo taonani, phokoso litheratu, mwini nyumba nayamika, napereka ya fanta. Sindikana kuti njirayi imagwira ntchito, pakuti yadula imodzi ya njira ziwiri zija, ndipo kugwira ntchito kwakeko ndiko kumaichititsa kukhala yoopsa, chifukwa palibe wobwerera kukakonza chimene chaoneka ngati chatheka. Koma waya umenewo anauika kuti tsiku limene waya wamoto udzakhudza chitsulo cha chombo, magetsi adzathamangire pansi ndi kuphulitsa fyuzi. Ukachotsedwa, chitsulocho chidzasunga mavoti 230 mwakachetechete, kudikira dzanja la mayi wopukuta fumbi kapena la mwana wokwawa pasimenti yonyowa, ndipo magetsi otsalawo angayende m'chingwe cha RCA kufikira zombo zina zonse za pabalaza. Kodi nyimbo yokoma motani imene ingalipe moyo wa mwana?

Njira yoyenera ilipo ndipo si yovuta. Pali kachipangizo kotchedwa ground loop isolator, kokhala ndi thiransifoma yaing'ono m'kati, kamene kamaikidwa pa chingwe cha RCA, kalola nyimbo kudutsa koma katsekereza magetsi osokerawo.  Ndipo ngati zonsezi zayesedwa koma kung'ung'udza kukadalipo, kapena ngati chitsulo cha wailesi chimaluma chala pochikhudza, mwini nyumba azimitse zonse, naitane mmisiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, adzapime masoketi pamodzi ndi ndodo ya ethi yokhomedwa panja, imene m'nyumba zambiri zakale inachita dzimbiri kapena inaduka waya anthu osadziwa.