Chithokomiro chikavuta mmodzi, abale adziwe

Mu 1989 madokotala anapeza Barbara Bush ndi matenda a Graves, amene amachititsa chithokomiro kugwira ntchito mopyola muyeso. Mu 1991 mwamuna wake, George H. W. Bush, yemwe anali pulezidenti wa America, anapezekanso nawo. Akatswiri anadabwa mpaka anakayeza madzi a ku White House, chifukwa awiriwa sanali amagazi amodzi. Akanakhala mayi ndi mwana wake, palibe dokotala akanadabwa.

Matenda a Graves ndi a Hashimoto amayamba chitetezo cha m'thupi chikasokonezeka n'kuukira chithokomiro cha mwini wake. Wodwala Graves amaonda koma akudya bwino, mtima umathamanga, manja amanjenjemera, ena maso amatuzuka. Wa Hashimoto amangokhala wofooka, amanenepa, ndipo amafunda bulangete pomwe anzake akutuluka thukuta. Kafukufuku wa mapasa ku Denmark anasonyeza kuti chiopsezo cha Graves kwakukulukulu n'chakumtundu. Amayi ndiwo amagwidwa kwambiri.

Khansa ya chithokomiro nayo imayenda m'magazi nthawi zina. Pa mtundu wotchedwa medullary, wodwala mmodzi mwa anayi alionse amachita kutengera kwa makolo kudzera mu jini ya RET. Kholo likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi chiopsezo cha 50 peresenti choitengera. Zikadziwika msanga, madokotala amachotsa chithokomirocho mwana adakali wamng'ono, khansa isanamere.

Kuno kwathu khosi likatupa, anthu amathamangira kunena za mchere wopanda ayodini. Nthawi zambiri amalondola, koma si kutupa konse kumachokera kumeneko. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri amabisa matendawa, kukulunga mpango m'khosi, mwina poopa kuti ayamba kulozana zala za ufiti. Pamenepo mng'ono wa wodwalayo akuvutika ndi zizindikiro zomwezo, osadziwa poyambira.

Izi sizikutanthauza kuti aliyense akajambulitse khosi. Ku South Korea anajambula anthu ochuluka osadwala, chiwerengero cha opezeka ndi khansa ya chithokomiro chinakwera pafupifupi ka 15 pakati pa 1993 ndi 2011, koma imfa sizinatsike.

Chofunika n'kulankhula. Amene wapezeka ndi vuto la chithokomiro auze makolo, ana ndi abale ake obadwa nawo. Nawo achipatala azifunsa za kumtundu, ndipo m'bale amene ali ndi zizindikiro apemphe kuyezedwa magazi a TSH, oona mmene chithokomiro chikugwirira ntchito.