Adani amene tikuwaitanira moto ali ndi nkhope

Usiku wa Lachisanu m'chigwa cha Domasi tulo timavuta. Zokuzira mawu zimalira mpaka tambala woyamba, ndipo mawu omveka kuposa onse ndi awiri okha: adani anga. Adani anga apse, adani anga agwe chagada, chimene ananditumizira chibwerere kwa mwini wake. Phokosolo ndinalizolowera. Chimene chimandisowetsa mtendere n'chakuti ambiri mwa opempherawo amakhala atatsinzina, koma akuona nkhope ya munthu.

Musandimve molakwa. Munthu woponderezedwa akalirira Mulungu kuti amuweruzire mlandu, salakwa. Mayi wamasiye amene akuchimuna amulanda malata ndi njinga maliro asanazizire, wopanda ndalama ya loya, apite kuti? Buku la Masalimo ladzaza ndi kulira kotere, ndipo Salimo 109 ndi lowawa moti alaliki ambiri amalilambalala paguwa. Chigwa chinonso chimawadziwa adani enieni. Pamene Alexander Hetherwick ankatsegula mishoni ya Domasi mu 1884, anthu anali kugwidwabe ukapolo, ndipo mu 1895 ankhondo a mfumu Kawinga anatsika ku phiri la Chikala kudzathira nkhondo midzi ya mfumu Malemia. Wopemphera masiku amenewo, mdani wake ankabwera ndi mfuti.

Nanga mdani walero wanyamula chiyani? Mneneri amayang'ana mtsikana amene ukwati ukumukanika, kapena mnyamata amene geni yake pa Songani yalowa pansi, n'kunena kuti pali wina kwanu komweko amene anamanga mwayi wako. Dzina satchula, ndi wochenjera. Dzinalo wopemphereredwayo amalipeza yekha pobwerera kunyumba, ndipo kawirikawiri limagwera agogo a maso ofiira ndi utsi wa m'khitchini, apongozi, kapena mnansi amene wafolera nyumba ndi malata chaka chino. Kale ntchito imeneyi inali ya woombeza ula, mlandu n'kuthera pa mwavi. Lamulo la 1911, lomwe lilipobe, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Woombezayo sanathe ayi, wangovala suti, ndipo nsupa zasanduka tibotolo ta mafuta ogulitsa.

Wina anena kuti pemphero ndi mawu chabe, silipha. Mawu oti wakutiwakuti ndiye watilodza nawonso ndi mawu chabe, koma mu January 2016 ku Neno anapha nkhalamba zinayi, mphenzi itapha mtsikana m'mudzimo. Anazipha si alendo. Munthu amene miyezi yonse wakhala akufuula kuti mdani wake afe, tsiku la maliro dzanja lake silichedwa kupeza chibonga.

Davide wa Masalimo amene timakonda kubisalako uja anapeza Sauli m'phanga ku Engedi, Sauli yemweyo amene ankamusaka ngati nyama. Anangodula kansonga ka mkanjo wake n'kumusiya wamoyo. Mlandu anaupereka kwa Mulungu, ndipo ataupereka anachotsapo manja. Ife timaupereka titauweruza kale, chilango titasankha, Mulungu n'kumusiyira ntchito ya msilikali wa pandende. Uku si kupempha chisomo, n'kutuma.

Ndiye pali china chimene chimandikwiyitsa kwambiri. Pemphero la adani limagoneka tulo tabwino anthu amene anayenera kufunsidwa mafunso. Nyanja ya Chilwa, kumene mtsinje wa Domasi umathira, inaphwa mu 1995 ndi mu 2018, matemba n'kusowa; anaimwa si azakhali a munthu. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, thumba la feteleza linathawa aliyense, wolodzedwa ndi wosalodzedwa yemwe. Mphunzitsi wotsiriza maphunziro pa koleji ya Domasi akakhala pakhomo kudikira kulembedwa ntchito, amene wagwira fayilo yake ali ku Lilongwe, osati kuseri kwa nkhokwe. Koma kufunsa phungu kumafuna kulimba mtima, pamene kutemberera nkhalamba yopanda mano n'kwaulere. Kwaulere ndanama, pali chopereka.

Abusa a Sinodi ya Blantyre, ansembe a ku Malosa, mashehe a m'mizikiti yathu ndi mafumu a kwa Malemia amazidziwa zonsezi, chifukwa madandaulo amathera pakhonde pawo. Alankhule poyera, mneneri wolozera anthu kwa abale awo aitanidwe kubwalo monga ankaitanidwira woombeza. Pakali pano pali agogo ena m'mudzi mwathu amene zidzukulu zinasiya kuwatungira madzi chibwerereni ku mapemphero a kuphiri. Lachisanu lililonse nawonso amamva zokuzira mawu zija ali pamphasa, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti motowo akuitanira ndani.