Luso lokhoma malata lisathere pa ndowa

Pa tsiku la msika ku Mponela, ku Lizulu kapena ku Jenda, phokoso loyamba kumveka m'mawa ndi la nyundo ikumenya lata pachidutswa cha njanji. Kumeneko n'kwa amisiri okhoma zidebe, omwe amapanga ndowa, mbaula, mabafa ndi makeni othirira kudimba. Pambali pa mmisiri aliyense pamakhala mnyamata wowongola malata, yemwe makolo adamupereka kuti aphunzire ntchito sukulu itakanika.

Makolo otere sadalakwe. Ntchito ya manja siigonetsa munthu ndi njala, ndipo mpamba wake ndi wochepa: nyundo, sizasi yodulira malata, mtovu womatira ndi pepala limodzi la lata. Koma pali zinthu ziwiri zimene mabanja ayenera kuziganizira mofatsa asanamusiye mwana pansi pa mtengo wa mango.

Choyamba n'chakuti maphunziro ambiri a pamsika alibe pothera. Mnyamata amatha zaka zitatu akungotumidwa, kudula malata ndi kukagulitsa mbaula, koma mmisiri osamuonetsa kayezedwe ndi kajambulidwe ka chinthu palata, komwe ndi mutu wa ntchitoyi. Ena amachita dala poopa kuti wophunzirayo adzawalanda makasitomala. N'chifukwa chake makolo ayenera kukhala pansi ndi mmisiri, pamaso pa mboni monga wapampando wa msika, n'kugwirizana kuti mwana aphunzira chiyani, kwa miyezi ingati, ndipo azilandira zingati akayamba kupanga katundu wogulitsa. Popanda pangano, mwanayo ndi waganyu wosalipidwa.

Chachiwiri n'chakuti msika wa ndowa ukutha. Ndowa ndi mabeseni apulasitiki adadzaza m'magolosale, n'zopepuka, zotchipa komanso sizichita dzimbiri. Mnyamata wongodziwa ndowa akuphunzira ntchito ya dzulo.

Ndalama zili kwina. Nyumba zamalata zikuchuluka m'matauni ang'onoang'ono, ndipo zimafuna magata otunga madzi a mvula ndi malata a pamsonga. Palinso nkhokwe zachitsulo, zomwe bungwe la CIMMYT lidaphunzitsapo amisiri a m'dziko muno kupanga. Nkhokweyi imapangidwa ndi malata osalala n'kumatidwa ndi mtovu kuti mpweya usalowe. Chimanga chouma bwino akachithiramo amayatsamo kandulo n'kutseka. Mpweya ukatha, anankafumbwe amafa popanda mankhwala. Ya tani imodzi imasunga matumba 20 a makilogalamu 50. Koma kabowo kamodzi kokha kamaononga zonse, choncho ntchitoyi imafuna munthu wodziwa kuyeza ndi kumata, osati wongoyerekeza ndi maso.

Apa ndi pomwe sukulu ya zaumisiri ikubwerapo. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa mu 1999 kuti liyendetse maphunzirowa, ndipo makampani amapereka msonkho wa K1 pa K100 iliyonse ya malipiro a antchito awo pothandizira ntchitoyi. Kuwotcherera ndi kupanga zinthu zachitsulo kumaphunzitsidwa m'makoleji a zaumisiri, ndipo kuyambira 2015 boma lidayamba kutsegula makoleji ena m'maboma. Vuto n'lakuti malo ndi ochepa, ndipo m'makoleji akuluakulu monga Lilongwe ndi Soche amafuna satifiketi ya MSCE, yomwe anyamata ambiri a pamsika alibe.

Komabe khomo silidatsekeke. TEVETA ili ndi njira yoyesa munthu yemwe adaphunzira luso kunja kwa kalasi n'kumupatsa satifiketi. Pepala limeneli ndi lomwe kontilakita kapena bungwe lofuna nkhokwe zambiri limayamba kufunsa. Chodandaulitsa n'chakuti amisiri ambiri a m'misika sadziwa n'komwe za mwayiwu. TEVETA ndi makhonsolo, omwe amatolera ziphaso za msika kwa amisiriwa tsiku ndi tsiku, akuyenera kuwatsatira komweko, osadikira kuti iwo akagogode kumaofesi a mumzinda.

Akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mnyamata ayambe kwa mmisiri wa pamsika, manja akhwime, koma asakalambire pomwepo. Kholo lomwe lagulitsa mbuzi kuti ligulire mwana nyundo ndi sizasi lisungenso ina yolipirira mayeso a luso.