Khasu Lobwereka Silikhala Kuthyoka

Makolo athu adati khasu lobwereka silikhala kuthyoka. Mwambi umenewu tiyenera kuukumbukira pamene tikukamba za mapangano a malonda amene maiko olemera amapangana ndi maiko ang'onoang'ono ongotukuka kumene. Pa mapangano otere, dziko lolemera limalola katundu wa dziko losauka kulowa pamsika wake popanda msonkho wa pachipata, kapena limalonjeza kugula katunduyo pa mtengo woposa wa m'misika ina. Mwayi wotere ndi wabwino ndithu, ndipo palibe wanzeru angaukane. Koma tisaiwale kuti mwini khasu amalitenga tsiku limene wafuna, ngakhale munda usanathe.

Tiyeni tione zimene zidachitika ku Lesotho, dziko la anthu oposa pang'ono 2 miliyoni. M'chaka cha 2000 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa AGOA, lolola katundu wambiri wa maiko a mu Africa kulowa kumeneko mopanda msonkho. Amalonda, makamaka ochokera ku Taiwan, adakulitsa mafakitale osoka zobvala ku Maseru ndi ku Maputsoe. Pofika 2004 anthu pafupifupi 50,000, ambiri mwa iwo amayi, ankagwira ntchito m'mafakitalewo. Mabanja adadya, ana adapita kusukulu. Ubwino umenewu sitingautsutse.

Komabe tifunse: kodi chidatsalira Abasotho n'chiyani? Eni mafakitale anali alendo. Nsalu zambiri zinkachokera ku Asia, pakuti lamulo lidalola maiko osauka kusoka nsalu zogula kwina. Ogula anali makampani ochepa a dziko limodzi. Mbadwa zidapereka manja okha basi. Mu January 2005, pamene malire a kuchuluka kwa zobvala zimene maiko monga China ankaloledwa kugulitsa kunja adachotsedwa, mafakitale angapo ku Lesotho adatsekedwa ndipo anthu zikwizikwi adabwerera kumudzi chimanjamanja. Mu April 2025 boma la America lidalengeza msonkho wa 50 peresenti pa katundu wa Lesotho. Ngakhale kuti pambuyo pake udatsitsidwa kufika pa 15 peresenti, ogula anali ataimitsa kale maoda, ndipo makina ambiri adakhala chete.

Khomo lotere limatsekedwanso pa zifukwa zimene wosoka malaya alibe nazo mlandu. Dziko la Madagascar lidachotsedwa mu AGOA mu 2010 chifukwa cha kulandidwa kwa boma mu 2009, koma amene adalangika ndi antchito a m'mafakitale. Dziko la Rwanda lidalandidwa mwayi wogulitsa zobvala mopanda msonkho mu 2018 chifukwa chokweza msonkho wa kaunjika pofuna kuteteza mafakitale ake.

Pali dziko lina limene lidabwereka khasu mwanzeru, ndilo chilumba cha Mauritius. Pangano la Lomé la 1975 lidapatsa maiko ena a mu Africa, Caribbean ndi Pacific, kuphatikizapo Malawi, mwayi wogulitsa shuga ku Ulaya pa mtengo wolonjezedwa, umene zaka zambiri unkaposa kawiri mtengo wa m'misika ina. Gawo la Mauritius linali lalikulu koposa onse, pafupifupi matani 500,000 pachaka. Anthu a kumeneko sadagone. Boma linkadula msonkho pa shuga wotumizidwa kunja, ndipo eni minda ya nzimbe adaika phindu lawo m'mafakitale a nsalu ndi m'mahotela a alendo. Pamene Ulaya adadula mtengo wa shuga ndi 36 peresenti pakati pa 2006 ndi 2009, ndi kuthetsa panganolo mu 2009, Mauritius adamva kuwawa koma sadagwe. Adatembenukira ku shuga woyengedwa, ndiponso adalimbikitsa kupanga magetsi ndi zotsalira za nzimbe. Dziko la Saint Kitts and Nevis, limene lidalima nzimbe kwa zaka zoposa mazana atatu, lidatseka ntchito yonse ya shuga mu 2005.

Phunziro lake kwa ife Amalawi n'loonekeratu. Kuyambira 2001, Ulaya amalola katundu wa maiko osaukitsitsa, kupatula zida za nkhondo, kulowa mopanda msonkho, ndipo Malawi ali m'gulu limeneli. Koma kuchotsa msonkho sikufikitsa katundu pamsika. Kampani yaikulu ya shuga kapena ya tiyi ili ndi akatswiri odzaza zikalata zotsimikiza kumene katundu wachokera, ili ndi ndalama zoyezetsa katundu, ndiponso imatha kulipira ulendo wautali wopita ku madoko a Beira ndi Nacala. Wamalonda wamng'ono wa ku Mchinji alibe zonsezi. Mtedza wake ukapezeka ndi chuku umabwezedwa, ngakhale khomo lili lotsegula. Motero mwayi umene udalembedwa m'dzina la osauka umathera m'manja mwa olemera ochepa.

Apa ndi pamene pali udindo wanu, inu atsogoleri a m'madera ndi inu ogwira ntchito za boma. Mlangizi aphunzitse alimi kuumitsa ndi kusunga mtedza bwino. A bungwe loona za miyezo ya katundu afikire amalonda ang'onoang'ono ndi mitengo imene angaikwanitse. Wa pachipata asagoneke chikalata sabata yathunthu pamene chingathe tsiku limodzi. Atsogoleri alimbikitse alimi kulowa m'makopaletivi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Ndipo polandira mlendo wodzamanga fakitale, tifunse kuti adzagula chiyani kwa mbadwa, ndiponso adzaphunzitsa ana athu luso lotani.

Tisapeputsenso misika ya anansi athu. M'mabungwe a COMESA ndi SADC timakhala nawo pa mphasa imodzi popanga malamulo.

Zaka za mwayi zisayesedwe ndi kuchuluka kwa katundu amene watuluka m'dziko kokha. Ziyesedwe ndi chiwerengero cha Amalawi amene aphunzira kupanga katundu wokhoza kupikisana pamsika uliwonse, msonkho ulipo kapena palibe. Tilime ndi khasu lobwereka mwakhama pamene lili m'manja mwathu, koma dzuwa lisalowe tisanasule lathu.