Osalipidwa ndiwo anatumidwa kukagundana pakati pa kolona

Pa Ciwelu ku babashopu ku Kabwata tinakangana za mpila mpaka wometa anazimitsa makina. Mpila wake si wathu uno ai, ni uja wa ku America wooneka ngati dzila, umene anyamata ovala zipewa zolimba amagundana mutu na mutu. Wometa ati: "Ba mudala, alekeni ana aseŵele, si iwo eni akufuna?"

Zoona, ena anali kufuna. Trevor Lawrence, amene mu 2020 anali pa yunivesiti ya Clemson, anakamba poyela kuti anyamata ali bwino m'manja mwa madokotala a timu kusiyana na kubwelela kumanyumba kwao, kumene kulibe wowapima. Mfundo iyi siniitaya. Pulezidenti Trump nayenso anati seŵelani, ngakhale tonse tinali kudziŵa kuti masankho anali mu Novembala 2020.

Koma ine ninati asaseŵele caka cimeneco. Pa 11 Ogasiti 2020, magulu aŵili akuluakulu a mayunivesiti, Big Ten na Pac-12, anaimitsa maseŵela. Cimodzi cimene cinawaopsa ni matenda otupa mnofu wa mtima, amene madokotala akuwapeza mwa ena ocila kolona. Mnyamata aoneka wacila, manje muzimuthamangitsa na mtima wotupa? Magulu a SEC, ACC na Big 12 anati ife tipitiliza, ndipo SEC inaika 26 Seputembala.

Apa funso n'lakuti ndani adya, ndani aika moyo pa ciswe. Uyu mpila wa ana a sukulu ni malonda oopsa. Bwalo la yunivesiti ya Michigan limaloŵa anthu oposa 100,000, Heroes Stadium yathu icepa kutali. Koci wa Lawrence pa nthawiyo, Dabo Swinney, anasaina mu 2019 pangano la madola 93 miliyoni pa zaka 10. Nanga anyamatawo? Mu 2020 analibe malipilo. Anali kuwalipilila sukulu, cakudya na pogona. Ambili mwa iwo ni akuda, ocokela m'mabanja amene kolona inawakantha kwambili. Munthu amene sukulu yake ili m'manja mwa koci, olo umufunse kuti "ufuna kuseŵela?", angayankhe ciani?

Ife kuno tinayesako. Super League inayambilanso mu Julayi 2020 popanda openyelela, oseŵela ena anapezeka na kolona, ndipo ligi inathela panjila, Nkana n'kutenga cikho. Amenewo ni amuna akulu a pa nchito, ndipo mpila wathu sufuna kukumbatilana pa mphindi iliyonse monga wa ku America.

Wometa anafunsa kuti nanga mwana wake atapatsidwa mwai wotele, ningamuletse? Ninamuuza kuti ayambe wafunsa ndani adzalipila cipatala ngati mtima wavuta pambuyo pa zaka zisanu. Anayatsa makina, n'kuniuza kuti niŵelamitse mutu.