Pulogalamu Yokonzera Zithunzi: Kodi Khomo Lotulukira Lili Kuti?

Wachinyamata amene watsiriza sukulu nayamba ntchito yojambula zithunzi pa maukwati ndi pa zinkhoswe, akamasankha pulogalamu ya pa kompyuta yokonzera zithunzizo, kawirikawiri amafunsa funso limodzi lokha, lakuti kodi imasalaza nkhope motani. Funso limeneli nlopepuka, pakuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Funso lolemera nali: tsiku limene adzalekane nayo pulogalamuyo, kodi thukuta lake la zaka zambiri adzatuluka nalo?

Lightroom, imene kampani ya Adobe inatulutsa m'chaka cha 2007, ndi mmisiri ndithu. Chithunzi choyambirira sichikhudzidwa ayi. Wojambula akachepetsa mdima kapena kudula m'mbali, pulogalamuyi imangolemba malangizowo m'kaundula wake pamodzi ndi maina, masiku ndi malo, kotero kuti chithunzi cha mkwatibwi wa zaka zisanu zapitazo chimapezeka mosataya nthawi. Koma kuyambira mu 2017 Lightroom yatsopano sigulidwa kamodzi nkuthana nazo; imachita kubwerekedwa, ndipo kwa Mmalawi malipiro ake ndi a ndalama zakunja. Munthu akaleka kulipira, mu Lightroom Classic zithunzi zake amazionabe, koma chipinda chokonzera chimatsekedwa.

Komanso mapulogalamu amafa. Apple inaleka kutukula Aperture mu 2014, nayo Google inataya Picasa mu 2016, ndipo amene anaikiza mtima pa izo anasamuka ali chikwatu m'manja.

Darktable ndi yaulere. Kuiphunzira nkowawa, mabatani ake achuluka mosayenera, ndipo ambiri amaithawa sabata yoyamba yomwe. Komabe ili ndi khalidwe limodzi labwino: pambali pa chithunzi chilichonse imaikapo kafayilo ka XMP kosunga zonse zimene mwini wachita. Nayo Lightroom ikhoza kutero, koma pokhapokha mwiniyo ataiuza, ndipo oiuza ndi ochepa. Ngakhale zili choncho, zimene zimawoloka bwino kupita ku pulogalamu ina ndi maina ndi zizindikiro. Kakonzedwe ka kuwala ndi mitundu kamatsalira, chifukwa pulogalamu iliyonse imawerengera mwa njira yakeyake.

Nchifukwa chake mphunzitsi wotsogolera ana pa luso lojambula ayenera kuyamba ndi phunziro losakoma: kutcha mafoda maina a tsiku ndi mwambo, ndi kutulutsa chithunzi chilichonse chomalizidwa ngati JPEG kapena TIFF, nkuchisunga pa malo awiri osiyana. Zosalaza nkhope anawo adzaziphunzira okha.