Galu Wamkota Akayamba Kudzandira

Akale anati galu wamkota sakandira pachabe. Koma tsiku lina galu yemweyo amadzuka atapendeketsa mutu, maso akugwedera uku ndi uku, akudzandira ngati wamwa kachasu, akusanza ndi kuzungulira malo amodzi. Pamudzi pamabuka mkangano: ena ati ndi chiwewe, aphedwe basi, ena ati amulodza.

Kawirikawiri vuto limakhala mkati mwa khutu, momwe muli kachiwalo kothandiza thupi kuima bwino. Galu wotere amamva chizungulire, koma mbuye wake amamuzindikirabe. Akasungidwa pamthunzi, kutali ndi moto ndi chitsime, amayamba kupezako bwino pakatha masiku 3, ndipo ambiri amachira m'masabata 2 kapena 3.

Chiwewe ndi nkhani ina. Galu amasintha khalidwe, amaluma mitengo ndi miyala, dovu limachucha, chibwano chimalendewera, ndipo amafa pasanathe masiku 10. Dovu ndi kunjenjemera zimabweranso ngati wanyambita mankhwala opopera thonje kapena fodya.

Kusiyanitsa ndi maso okha nkovuta. Choncho mwini galu amutsekere payekha, ana asamuyandikire, munthu asapise dzanja m'kamwa mwake poganiza kuti wapalamwa ndi fupa, ndipo aitane alangizi a ziweto msanga. Amene walumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka apite kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe chikangoonekera mwa munthu sichichizika. Galu wokalamba nayenso abayidwe katemera. Imvi zapakamwa sizitchinga chiwewe.